Agulugufe adakalipo mwera utayamba kale: kodi tipopere kudimba?

NaBanda_Senga:
Moni nonse pa gulu. Funso langa ena muliseka, koma ndifunsabe. Tili kumapeto kwa Meyi, mwera wayamba, ana m'mawa akupita kusukulu atavala majuzi, koma kuno ku Senga Bay agulugufe adakali mbwee. Pa mjigo pathu, pomwe pamatayikira madzi, masana pamatera gulu la achikasu ndi oyera. Kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa gwafa, kuli ena ofiirira osaoneka bwino, amangodzambatuka ukaponda pafupi. Ine ndimadziwa kuti agulugufe ndi a nthawi ya dzinja. Nanga awa akudya chiyani poti maluwa ambiri anauma? Apongozi anga akuti n'chizindikiro choti mbozi zivuta kudimba, moti akufuna mawa akagule mankhwala ku Kamuzu Road apopere chimanga chomwe changomera kumene. Odziwa tithandizeni ndalama isanapite.

Chia_Boy:
Anthu akudandaula za mtengo wa feteleza, inu mukuwerenga agulugufe. Mulungu anakukonderani, amayi.

NaBanda_Senga:
Achimwene, werengani mpaka kumapeto. Nkhani yake ndi ya ndalama yomweyo.

Mlimi_wa_Lifuwu:
Apongozi anuwo musawatsutse msanga. Gulugufe aliyense amachokera ku mbozi ndipo amaikira mazira omwe amaswa mbozi. Mukaona makolo achuluka dziwani kuti ana ali m'njira. Ife chaka cha 2017 tinaona zoopsa, chimanga chakudimba chinadyedwa mpaka mumtima, ndipo mu Disembala boma linalengeza kuti maboma 20 ali pa ngozi chifukwa cha mbozi zimenezi. Kuyambira pamenepo ine chilichonse chouluka pamwamba pa mbewu zanga sindichikhulupirira.

Mphunzitsi_KK:
A Mlimi, zoti gulugufe aliyense amachokera ku mbozi n'zoona, koma si mbozi iliyonse imadya chimanga. Mtundu uliwonse uli ndi chomera chake, ndipo wamkazi saikira mazira paliponse. Amayamba watera pa tsamba n'kulilawa ndi miyendo, chifukwa zolawira zake zili kumapazi. Tsamba likakhala losayenera amapita.

Mbozi zomwe zinatisautsa mu 2017 zija, zomwe alangizi amati fall armyworm, kholo lake siliuluka masana. Ndi kagulugufe ka usiku, kotuwa, konenepa thupi, ndipo masana kamabisala. Kwawo ndi ku America, kuno ku Africa kanayamba kuoneka kumadzulo mu 2016. Kamaikira mazira mulumulu pa tsamba la chimanga, 100 kapena 200 malo amodzi, n'kuwaphimba ndi tiubweya totuwa. Ndiye amene mukuwaona pa mjigo dzuwa lili pamutu alibe mlandu umenewo.

Oyera mobiriwira ndi achikasu aakuluko aja, ambiri mwa iwo ndi mtundu wotchedwa Catopsilia florella. Mbozi zawo zimadya masamba a keshya ndi abale ake, ndipo keshya kuno ali ponseponse. Amayi a ku Senga Bay, uzani apongozi kuti asayang'ane kumwamba. Alowe m'dimba m'mawa, aziyenda modutsa pakati, azitsegula mtima wa chimanga. Akapeza masamba obooka ngati mawindo ndi zitosi zonga utuchi, pamenepo ndiye pali nkhani. Akapanda kupeza, ndalamayo agulire mafuta a pampu.

Mlimi_wa_Lifuwu:
Aphunzitsi, mukufuna ndidikire mbozi ziyambe kudya kaye? Kupewa kumaposa kuchiza.

Mphunzitsi_KK:
Mankhwala opopera ambiri satha masabata ali ndi mphamvu pa tsamba. Mukapopera lero mbozi kulibe, zikadzabwera mankhwala atasuluka kale, ndipo mwapha mavu, akangaude ndi nyerere zomwe zikanakuthandizani kudya mazira. Kupewa kwake ndi kuyendera munda pafupipafupi.

Mai_a_Tadala:
Ine zanga ndi za mandimu. Kamtengo komwe ndinadzala chaka chatha katsala ndodo yokhayokha. Ndinapezapo tinthu tonga zitosi za mbalame, kuyang'anitsitsa tikuyenda! Mwana atakagunda kamodzi kakakulu kobiriwira, kanatulutsa tinyanga tofiira n'kununkhitsa dzanja lonse. Amenewa muwaikire kumbuyonso, aphunzitsi?

Mphunzitsi_KK:
Ameneyo yekha ndiye wolakwa ndithu, mayi. Ndi mwana wa gulugufe wamkulu wakuda wa madontho achikasu uja, Papilio demodocus. Amakonda mandimu, malalanje ndi manachesi, ndipo kuno kotentha amaswana pafupifupi chaka chonse. Mtengo waukulu saupweteka kwenikweni, koma kamtengo kakang'ono amakamaliza. Ingowatolani ndi manja, sachuluka. Onaninso timazira toyera tobulungira pa nsonga zanthete, amaikira limodzilimodzi.

Gogo_wa_Linga:
Ana inu, musamalole ana kugwira agulugufe. Ife anatilera kuti fumbi la m'mapiko mwake likalowa m'maso umachita khungu.

Namwino_Salima:
Agogo, khungu ayi. Fumbilo ndi timamba ting'onoting'ono tomwe timapatsa mapiko mtundu. Likalowa m'diso limanyerenyetsa monga fumbi lina lililonse, mumangotsuka ndi madzi oyera. Koma lamulo lanulo lisiyeni momwemo, likuthandiza agulugufewo.

Wa_ku_Joni_77:
Kuno ku Johannesburg pano simungaone ambiri, m'mawa udzu wayamba kuyera ndi chisanu. Athu amabwera Disembala ndi Januwale, oyera a mizere yofiirira, mamiliyoni, onse kulowera mbali imodzi kumpoto chakum'mawa. Amachokera ku Kalahari ndi ku Karoo kulunjika cha ku Mozambique. Tsiku lomwe akudutsa galimoto iliyonse imakhala ndi zipsera pagalasi. Mwina a pa mjigo wanuwo ndi omwewa, angofika mochedwa ngati katundu wa pa basi.

Chia_Boy:
Ndiye abwera ndi chiyani? Ife tikudikira ma blanket.

Mphunzitsi_KK:
A ku Joni, mtundu umenewo, Belenois aurota, kunonso uliko, koma omwe munawaona mu Januwale sangakhale ndi moyo mpaka pano. Oyera otere amakhala masabata ochepa chabe.

Kusiyana kwa inu ndi ife n'kukwera kwa malo. Johannesburg ili pa mamita pafupifupi 1,750, pomwe nyanja yathuyi ili pa mamita 474 okha kuchokera pa nyanja yamchere. Gulugufe satenthetsa thupi lake yekha, amadalira dzuwa, ndipo kuti auluke bwino minofu ya pachifuwa imafunika ifike cha m'ma digiri 30. N'chifukwa chake m'nyengo ino simuwaona 6 koloko m'mawa. Amayamba kaye kuothera dzuwa atatambasula mapiko pa mwala kapena pa njira, cha m'ma 9 kapena 10 ndiye amanyamuka. Kugombe kuno masana a Juni amafundabe, ndiye amauluka. Ku Dedza tsiku la mitambo mutha kuyenda osaona ndi mmodzi yemwe.

Msodzi_wa_Nguwo:
Kufunda kwake kuti? Bwerani mudzagone pa bwato usiku umodzi ndi mwera uno. Usipa wasowa, tikungobwerako ndi mafuta otha.

Mai_a_Tadala:
Ndiye chifukwa chake kambale kakwera chonchi? Dzulo ndinangoyang'ana n'kubwerera, tadya chisoso.

Msodzi_wa_Nguwo:
Amayi, dandaulani kwa ogula ochokera ku Lilongwe. Amafika m'bandakucha ndi ndalama m'manja, ife tikane bwanji? Komanso mwezi ukawala usipa subwera ku nyali. Dikirani mdima.

Chia_Boy:
Mdima ukabwera kuno timadikiranso nkhungu. Zimenezo ndiye zouluka zaphindu, osati agulugufe oti sungapange nawo ndiwo.

Gogo_wa_Linga:
Iwe mwana, matondo ndi mphalabungu unadyapo? Ukuyesa amakula n'kukhala chiyani? Funsa anzako a ku Kasungu.

Admin_Nyanja:
Abale, za usipa tsegulani nkhani yake. Pano tikuyankha amayi a ku Senga Bay. Funso la ofiirira a pansi pa gwafa silinayankhidwe.

Dada_wa_Bunda:
Ndimadikira kuti wina afike pamenepo, chifukwa kwa ine ofiirirawo ndiwo nkhani yeniyeni, ngakhale ndi osakongola. Amayi mwanena kuti agulugufe ndi a dzinja, kutanthauza kuti omwe mukuwaona pano ndi otsalira oyembekezera kufa. Kwa ofiirirawa si choncho. Iwowa ndi m'badwo wina, wobadwira chilimwe.

Pali kagulugufe kofiirira kotchedwa Bicyclus anynana, kotambalala masentimita pafupifupi anayi, komwe mbozi zake zimadya udzu. Kakabadwa m'dzinja, kunsi kwa mapiko ake kumakhala madontho aakulu ozungulira onga maso, ndi mzere woyera. Kamakhala kothamanga, kamakwatira msanga, kuikira mazira, n'kufa pasanapite nthawi. Koma mbozi yomwe yakula mu Epulo ndi Meyi, usiku utayamba kuzizira, imatulutsa gulugufe wooneka mosiyana: maso aja amachepa mpaka kutsala timadontho, mtundu wake n'kufanana ndi tsamba louma. Mayi mmodzi yemweyo atha kubala ana a mitundu iwiriyi. Chomwe chimasankha ndi kutentha komwe mbozi yakumana nako itatsala pang'ono kusanduka.

Chifukwa chake n'chomveka. M'dzinja pali msipu wobiriwira, gulugufe wofiirira sangabisale, ndiye maso a m'mphepete mwa phiko amathandiza kuti chiswamphika kapena buluzi alume phiko m'malo mwa mutu, iye n'kuthawa ndi phiko long'ambika. M'chilimwe pansi pamakhala masamba ouma okhaokha, ndiye chanzeru n'kusaoneka. Wa chilimweyu amasunga mafuta m'thupi, sauluka mwachisawawa, ndipo wamkazi saikira mazira chifukwa udzu woti ana adye kulibe. Amadikira miyezi yonseyi mpaka mvula ya Novembala. Agulugufe ofiirira a maso aakulu oyamba omwe mudzawaone m'dzinja likubwerali ndi ana a omwe ali pansi pa gwafa wanuwo lero.

Za chakudya, iwowa maluwa alibe nawo ntchito. Amayamwa madzi a zipatso zogwa zomwe zayamba kuwola. N'chifukwa chake ali pansi pa gwafa osati pa maluwa a pakhonde.

Ndiwonjezere chomwe chimandisangalatsa. Kagulugufe kameneka ndi kamodzi mwa omwe afufuzidwa kwambiri padziko lonse, ndipo komwe anakatenga ndi konkuno. Mu 1988 akatswiri a pa yunivesite ya Leiden ku Netherlands, motsogozedwa ndi Paul Brakefield, anayambitsa khola lawo ndi aakazi pafupifupi 80 ogwidwa ku Nkhata Bay. Zidzukulu zawo zikuwetedwabe m'mayunivesite a ku Ulaya, America ndi Singapore, mbozi zake akuzidyetsa masamba a chimanga chanthete. Akaziweta pa madigiri 27 amatuluka a maso aakulu, pa madigiri 19 kapena 20 amatuluka a chilimwe. Sindikunena kuti a ku Senga Bay ndi mtundu womwewo ndendende, abale ake ofanana nawo alipo angapo, koma khalidwe lake ndi limeneli.

Mlimi_wa_Lifuwu:
Mwamva? Akuzidyetsa masamba a chimanga. Ndimanena ine.

Dada_wa_Bunda:
Bambo, m'khola amadya chomwe wapatsidwa, ndipo chimanga ndi mtundu wa udzu. Kutchire amakhala m'mithunzi, pa udzu wa pansi pa mitengo. Simunamvepo mlangizi akuchenjeza za iwowa. Kwa inu a mpunga, amene mungakumane naye ndi m'bale wawo wamkulupo, Melanitis leda, wouluka chisisira. Mbozi yake yobiriwira ya tinyanga tiwiri imadyako masamba a mpunga, koma kawirikawiri siwononga zoti n'kugulira mankhwala.

Chia_Boy:
Ndiye agulugufe a ku Nkhata Bay anapita ku Ulaya 1988 opanda pasipoti, ine fomu yanga ikadali pa mzere.

Achemwali_aku_Leeds:
Ndawerenga zonse ndili pa basi, mwandikumbutsa kumudzi. Kuno nyengo ngati yanuyi, yolowera kozizira, imakhala Okutobala ndi Novembala, ndipo azungu amachita nayo chidwi kwambiri. Munthu akaona gulugufe mu Novembala amajambula n'kulemba tsiku. Wotsiriza kuoneka kawirikawiri ndi wakuda wa mizere yofiira, red admiral, yemwe amatera pa maluwa a chomera choyanga chotchedwa ivy ndi pa maapozi ogwa. Ena, monga peacock, amalowa m'mashedi ndi m'mphako n'kugona mpaka Malichi. Wina wotchedwa painted lady sapirira, amathawa n'kuwoloka chipululu cha Sahara kubwera ku Africa. Kuno akhala akuwerenga agulugufe chaka ndi chaka kuyambira 1976, ndiye akanena kuti mtundu wakuti ukuchedwa kutha kusiyana ndi kale, amakhala ndi mabuku oonetsa.

Bambo_Mwale_Dwangwa:
Pamenepo ndiye pomwe ndimafuna. Nonse mukuzungulira, nkhani ndi kusintha kwa nyengo. Tili ana, ikafika Meyi kunkazizira zenizeni, agulugufe kunalibe. Pano chisanu chikuchedwa, mvula ikugwa mosadziwika bwino, onani madzi omwe anatisesa kuno mu 2024. Agulugufewa akungotiuza zomwe tikudziwa kale.

Mphunzitsi_KK:
Bambo Mwale, zoti nyengo yasintha sinditsutsa, tonse tikuona. Koma gulugufe wa mu Meyi ku Salima si umboni wake. Anthu anayamba kalekale kulemba za agulugufe a chilimwe m'chigawo chino cha Africa. Pali wina wa kumapiri, Precis octavia, yemwe m'dzinja amakhala wofiira ndipo m'chilimwe amakhala wakuda mobiriwira ngati thambo. Ankayesedwa mitundu iwiri yosiyana, mpaka mu 1898 pomwe Guy Marshall, ali m'dziko lomwe pano ndi Zimbabwe, anaweta mazira a wofiira n'kutuluka wakudayo. Ndiye a chilimwe analipo agogo athu asanabadwe. Tili ana m'mawa wa Juni tinkakhala pa moto, sitinkafufuza pansi pa magwafa.

Bambo_Mwale_Dwangwa:
Mukundiuza kuti maso anga ankanama?

Mphunzitsi_KK:
Ayi bambo, ndikuti palibe anawerenga. Mwina achulukadi, mwina achepa. Kuti tidziwe pafunika munthu woyenda njira imodzimodzi sabata iliyonse, nthawi yofanana, n'kumalemba, kwa zaka zingapo.

Bambo_Mwale_Dwangwa:
Lembani inuyo, muli ndi choko. Ine ndikudziwa zomwe ndinaona.

Mtsikana_wa_Ntchisi:
Wakuda mobiriwira amene akunenedwayo kwathu aliko! Madzulo amasonkhana ambirimbiri pansi pa khoma la dothi la m'mbali mwa msewu, ena amalowa mpaka m'khonde la tchalitchi. Sindinkadziwa kuti ndi yemweyo wofiira wa mu Januwale. Kunyanja kuno sindinamuonepo.

Mlonda_wa_Thuma:
Ine ndikhale kumbali ya Bambo Mwale pang'ono, koma pa chifukwa china. Kusintha komwe ndimaona ine n'kwa moto. Kuyambira Julayi anyamata osaka mbewa amayatsa tchire, ena amayatsa kuti msipu uphuke, ena angoyatsa basi. Tsono taganizani zomwe Dada afotokoza: gulugufe wakhala phee m'masamba ouma kudikira Novembala. Moto ukadutsa watha, pamodzi ndi mazira omwe akanadzaikira. Malo omwe sanapse, m'makwawa ndi m'mphepete mwa mitsinje, mu Seputembala mumawapeza ambiri. Pa lupsa simupeza kanthu. Amene mumapita ku malo osungira nyama a Kuti kapena ku nkhalango ya Nkhotakota cha ku mtsinje wa Bua, yerekezani ndi tchire la kumudzi kwanu mwezi womwewo.

Chia_Boy:
Tsopano mwafika pa mbewa. Agulugufe ndinakusiyirani, koma mbewa musaziyambe, akulu.

Mlonda_wa_Thuma:
Mbewa zimakumbidwa ndi khasu, mphwanga. Moto ndi ulesi.

Mai_a_Tadala:
Nanga kusesa? Ine pansi pa mitengo ndimasesa tsiku lililonse n'kutentha zinyalala, apo ayi anthu amati pakhomo pa mayi uyu mpauve. Komanso masamba akaunjikana mumabisala njoka.

Dada_wa_Bunda:
Pabwalo sesani, mayi, njoka si nkhani yoseweretsa. Koma kumalire kwa mpanda, kutali ndi pomwe ana amasewera, masamba mutha kuwasiya kapena kuwakwirira m'dzenje la manyowa m'malo motentha. Nthaka ipindulanso.

NaBanda_Senga:
Zikomo nonse. Apongozi ndawawerengera zomwe analemba aphunzitsi. Sanavomere kuti agulugufe alibe mlandu, koma avomera kuyendera dimba kaye. Chomwe sindinamvebe ndi cha pa mjigo. Nyanja yonseyi ili apa, n'chifukwa chiyani akukanirira pamatope pomwe pamamwera mbuzi?

Mphunzitsi_KK:
Sakufuna madzi okha, akufuna mchere. Timadzi ta m'maluwa tili ndi shuga koma mchere ndi wochepa kwambiri, ndiye amaupeza pa dothi lonyowa, makamaka pomwe ziweto zakodzera. Mukawayang'anitsitsa ambiri ndi aamuna. Mcherewo amadzaupereka kwa wamkazi pokwerana, ndipo umathandiza mazira. N'chifukwa chakenso nthawi zina gulugufe amatera pa mkono wa munthu wotuluka thukuta. Ena aakulu amphamvu, a mtundu wa Charaxes, amatera pa ndowe ndi pa nyama yowola, kukongola konse kuja.

Gogo_wa_Linga:
Amuna ndi amuna basi, kulikonse amasonkhana pomwera.

Namwino_Salima:
Agogo mwatseka nkhani. Koma mjigo umenewo, achemwali, auzeni a komiti akonze ngalande. Madzi oima pomwe pamatera agulugufe ndi pomwenso pamaswana udzudzu.

Mtsikana_wa_Ntchisi:
Funso lina. Pali wofiira ngati njerwa wa nsonga zakuda ndi madontho oyera, amauluka mwaulesi osaopa kanthu, ndimamuona mwezi uliwonse. Bwanji mbalame sizimudya?

Dada_wa_Bunda:
Ameneyo ndi Danaus chrysippus. Mbozi yake imadya zomera zotuluka utomoni woyera ngati mkaka, zomwe zili ndi poizoni, ndipo poizoniyo amatsalira m'thupi mpaka atakula. Mbalame ikalawa kamodzi imasanza, siibwerezanso. Ndiye alibe chothamangira. Pali winanso, Hypolimnas misippus, yemwe wamkazi wake amafanana naye kwambiri koma alibe poizoni, amangodyera dzina la mnzake. Wamwamuna wake ndi wakuda wa madontho aakulu oyera, simungaganize kuti ndi banja limodzi.

Amene mukufuna kuona ofiirira aja bwinobwino, phwanyani nthochi zakupsa kwambiri, sakanizani ndi shuga pang'ono kapena masese, zisiyeni zisase masiku awiri, n'kuika m'kambale pamthunzi. Jambulani kunsi kwa mapiko, osati pamwamba, chifukwa maso aja ali kunsi. Mukabwerezanso mu Januwale mudzaona kusiyana nokha. Zithunzizo mutha kuziika pa tsamba la pa intaneti la iNaturalist, anthu odziwa amathandiza kutchula mtundu.

Chia_Boy:
Ndayesa dzulo, osati chifukwa cha agulugufe, ndimafuna ndikutsutseni. Kunabwera nyerere, ntchentche, kenako mbuzi ya aneba inadya zonse ndi kambale komwe inakaswa. Dada, mundibwezera.

Dada_wa_Bunda:
Pachikani ndi chingwe pa nthambi, chofika m'chiuno, ndipo chingwecho muchipake girisi kuti nyerere zisatsike.

Chia_Boy:
M'chiuno mwa ndani? Mbuzi imeneyi imaimirira ndi miyendo iwiri, inadyapo malaya pa chingwe.